Khadi la Msonkho la Msuweni Wanga Zuze

Ana anga, mwakhala mukundivutitsa kuti ndilembe za moyo wanga ndisanaziiwale. Ndavomera, osati chifukwa moyowo unali wodabwitsa, koma chifukwa penshoni imasiyira munthu nthawi yambiri kuposa ndalama. Za ubwana wanga ndizidumpha: ndinabadwira kwa Makhuwira, ndinadwala chikuku, ndinachira. Tiyambire pomwe boma linandidziwa dzina.

1968: Pensulo ndi chidindo

Ndinaphunzira uphunzitsi miyezi khumi ndi inayi. Itakwana miyezi imeneyi, ine ndi akuluakulu a koleji tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Maganizowo anayambitsa ndi iwo. Ine ndinavomereza nditaona kuti sutikesi yanga ili kale panja. Nkhani yake imakhudza mbuzi ya mphunzitsi wamkulu ndi chingwe cha belu, koma poti mbuziyo inafa kalekale, tiyeni tiilemekeze poisiya igone. Chomwe ndinatuluka nacho kumeneko ndi zilembo zokongola zopendekera kumanja, ndipo zilembozo ndi zomwe zinandipezetsa ntchito ya ukalaliki wa msonkho ku Chikwawa.

Loweruka loyamba ndinawoloka Shire pa bwato kukauza agogo anu, a Alufandika. Ndinawapeza m'munda akusosa. Pali chinthu chimodzi chokhudza agogo anuwo chimene muyenera kuchisunga mpaka kumapeto kwa nkhani ino: anali munthu wa malaya. Kuchigwa kuno, mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale buluzi amaganiza kawiri asanaponde mchenga, amuna onse amalima chifuwa chili pamtunda. Bambo anga okha ankalima atavala malaya a kaki, mabatani mpaka pakhosi. Kukasamba ankapita okha, kutali ndi doko la amuna, kuseri kwa mabango. Ife ana tinkati ndi ulemu wa Chipwitikizi, poti anabadwira tsidya lija la malire n'kubwera kuno ali mnyamata. Anzanga ankandinena kuti bambo anga anabadwa atavala.

"Baba, ndapeza ntchito ya boma."

"Pyadidi," anatero m'Chisena chawo, khasu likupitiriza. "Ntchito yanji?"

"Ya msonkho."

Khasu linaima. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kudzakhazikika pa manja anga.

"Akupatsa chiyani chogwirira ntchito imeneyo?"

"Pensulo, kaundula ndi chidindo."

"Palibenso china chogwira m'manja?"

"Palibe, Baba. Njinga akuti chaka chamawa."

"Chabwino," anatero, n'kuweramiranso pansi. Ine ndinabwerera kumudzi ndikuganiza kuti akhumudwa ndi nkhani ya njingayo.

1969–1972: Nsanje, ndi matenda a makalaliki

Ntchito yathu inali yotere. Mwamuna aliyense wamkulu ankakhoma msonkho. Wakumudzi, mlimi kaya msodzi, ankabwera yekha pa bwalo tsiku lomwe tafika ndi tebulo lathu, n'kulipira, n'kulandira lisiti. Wapantchito ya pamwezi ankakhala ndi khadi: womulemba ntchito ndiye ankadula msonkho pa malipiro, kugula masitampa, n'kumata pa khadilo. Ndipo wolemba ntchito aliyense, kaya ndi esiteti ya nzimbe kaya ndi mwini golosale wa wantchito mmodzi, ankayenera kudzaza fomu yonena kuti uje ndi wantchito wanga. Nkhalamba ndi olumala ankakhululukidwa, koma ankayenera kuonekera pamaso pathu, kuti boma lidzionere lokha ukalambawo. Ndinaonapo amuna a zaka makumi anayi akufika pa bwalo akunjenjemera ndi ndodo, n'kuiwala ndodoyo pobwerera. Wopanda lisiti ndi khadi lomwe sankalowa mumsika. Anyamata a chipani ankaima pachipata, ndipo kukambirana sikunali luso lawo.

Ananditumiza ku Nsanje zaka zitatu. Njinga ija inabweradi, tayala limodzi lokha ndilo linachedwa. Kaboni mmodzi, pepala lokopera malisiti lija, tinkamugwiritsa ntchito mpaka munthu kumatha kuonera dzuwa pa iye, ndipo inki ya chidindo tinkaithira madzi mpaka chidindo cha boma kumaoneka ngati chikupepesa. Kumeneko ndiko ndinatenga matenda a makalaliki onse: kukhulupirira kuti chinthu chosalembedwa sichinachitike. Amayi anu adzakuuzani kuti ndinawapemphapo kusayina atalandira ndalama ya ndiwo. Kamodzi kokha.

Mu 1972 ndinabwerera ku Chikwawa, pansi pa bwana wina dzina lake Bambo Kaliwo. Anali wamtali, wowonda, wa mandala omangidwa ndi ulusi. Sanali munthu wankhanza, ayi; anali choopsa kuposa pamenepo, munthu wolungama. Anthu a mudzi wina kwa Kasisi anamupatsapo nkhuku ya ulemu, iye anailembera kalata yoikana n'kuibweza pamodzi ndi dzira lomwe inaikira m'galimoto. Mawu ake a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Lamulo lilibe msuweni." Tinkaseka kuseri. Sindinkadziwa kuti mwambiwo ukundidikira ineyo.

1973: Bambo agwa m'thonje

Nyengo yotola thonje chaka chimenecho, bambo anga anagwa m'munda. Anawapeza atagona chammbali, thumba lili pakhosi. Moyo unatsala, nzeru zinatsala, pakamwa panatsala ngakhale mawu ankatuluka mokoka, koma dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa. Agogo anu aakazi anali atatisiya kale. Mlongo wanga Malita anakwatiwa pafupi ndipo zophika anazitenga, koma mukudziwa inu kuti mwana wamkazi sasambitsa bambo ake kapena kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Amayi anu, poti ndi mpongozi, ngakhale kuchipinda sakanasuzumira. Pankafunika mwamuna. Mwamunayo anali ine, koma ine ndinali tsidya lina la mtsinje ndi kaundula wa boma, ana atatu, ndi mbiri ya koleji imodzi yomwe inandithamangitsa kale.

Ndiye ndinapita kudambo la Elephant Marsh kukasaka Zuze, mwana wa mlongo wawo wa bambo anga, msuweni wanga weniweni. Zuze anali msodzi wa milamba, wamfupi, wa mapewa ngati a mtondo wosinjira, ndipo chiyambire ubwana wathu sitinalankhulanepo mawu aulemu, monga chisuweni chimafunira. Atangondiona ndikutsika m'bwato ndi nsapato m'manja anakuwa kuti msasa wonse umve:

"Bisani nsomba, Bwana Pensulo afika! Azilemba m'kaundula!"

"Msuweni, ndikanabwera kudzalemba zinthu za mtengo sindikanayambira pa iwe."

"Taonani miyendo yake. Udzudzu wa kuno uyesa ndi mzimbe woyera."

Nditamuuza za bambo, anakhala pa mphuno ya bwato n'kusiya kuseka.

"Amalume ndi amalume," anatero. "Ndikanapita lero lomwe. Koma ndikasiya ukonde, ana anga anayiwa adya chiyani, mabango?"

Tinagwirizana sikisi kwacha pamwezi. Sizinali zambiri kwa iye, sizinali zochepa kwa ine. Ndikukwera bwato anandigwira mkono.

"Koma Amalume asamve, wamva? Ukuwadziwa. Akangomva kuti ndikulandirapo kanthu andithamangitsa ndi dzanja latsalalo."

Ndinalumbira. Ndipo pakamwa panga panasungadi lumbirolo. Chinaliphwanya ndi dzanja. Ndalamazo ndinkazitumiza mu envelopu kudzera mwa a Thomu, mesenjala wathu, amene ankawoloka kupita dera limenelo mwezi uliwonse. Koma matenda anga aja sakanalola ndalama kuyenda yopanda pepala. Mu envelopu iliyonse ndinkaikamo kapepala ka zilembo zanga zokongola: "Ine Zuze Bizeki ndalandira malipiro anga a mwezi uno kuchokera kwa Lusiyano Alufandika." A Thomu ankatenga inki ya ofesi, Zuze n'kudinda chala, kapepalako n'kubwerera kwa ine. Ndinkatibaya pamodzi ndi phini n'kutisunga m'dirowa ya tebulo langa. Mukandifunsa kuti ndinkaopa kuti Zuze adzandisumira kuti, sindidziwa. Ndinkangomva bwino mumtima.

Ndipo Zuze anagwira ntchito. Ankawanyamula bambo kuwatulutsa padzuwa la m'mawa, kuwabweza pamthunzi, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwasambitsa kuseri kwa mpanda wa mabango womwe anamanga yekha, wautali kuposa mutu wa munthu. Bambo ananenepako. Aliyense wodzazonda ankauzidwa mawu omwewo, ine ndili pomwepo kapena ayi: "Ena akakalamba amasambitsidwa ndi mvula. Ine mwana wa mlongo wanga anasiya bwato lake, osaitanidwa."

1974: Dirowa

Tsiku lina kumapeto kwa Seputembala ndinabwera kuchokera ku positi n'kupeza Bambo Kaliwo atakhala pa mpando wanga. Ankafuna kaboni. M'malo mwa kaboni anapeza timapepala khumi ndi tinayi, ndipo anali atatiyala pa tebulo mwezi ndi mwezi, mwadongosolo lomwe ine mwini ndinalisirira.

"A Alufandika, sindinkadziwa kuti muofesi muno tili ndi kampani."

"Bwana, ameneyo ndi msuweni wanga. Amasamalira bambo anga odwala."

"Mumamupatsa ndalama mwezi ndi mwezi?"

"Kangachepe, bwana. Ka sopo."

"Pano palembedwa sopo?" Anaika chala chake chachitali pa mawu anga omwe. "Malipiro. Zilembo zabwino kwambiri. Munthu wolandira malipiro pamwezi ndi wantchito. Womupatsa ndi wolemba ntchito. Fomu yanu ili kuti? Khadi lake lili kuti? Masitampa a miyezi khumi ndi inayi ali kuti?"

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali nditathamangitsa eni magolosale chifukwa cha fomu imeneyo, ndipo sizinandibwererepo m'mutu ngakhale kamodzi kuti munthu wosambitsa amalume ake angalowe m'bokosi limodzi ndi woyeza mchere pa sikelo.

"Bwana, ndi chibale chokhachokha. Lamulo silinganene za—"

"Lamulo lilibe chiyani, a Alufandika?"

Anandisiya ndimalize ndekha.

Ndinayesa kunena kuti timapepalato tinali tanthabwala. Anandiyankha modekha kuti ngati ndi choncho, ndiye kuti ndakhala ndikupanga mapepala abodza ndi inki ya boma, ndipo nkhani yotere sayankha ndi iye koma apolisi. A Thomu anandikokera kuseri kwa ofesi n'kundinong'oneza njira ya kwathu: "Muuzeni Zuze abwerere kudambo. Kumabango kaundula safika. Pakatha chaka bwanayu asamutsidwa." Inali njira yabwino kwa aliyense kupatula nkhalamba ija yomwe ikanatsala pa mphasa yopanda woitembenuza, ndi Zuze amene akanasanduka wothawa msonkho, wosalowa mumsika. Ndinaganiza masiku awiri. Lachitatu lake ndinatenga fomu, n'kulemba dzina langa pa mzere wa wolemba ntchito. Pa mzere wa mtundu wa ntchito ndinalemba kuti "wosamalira amalume ake." Bambo Kaliwo anadula ndi lula n'kulemba pamwamba pake, "wantchito wa pakhomo." Masitampa onse akale ndinagula ndi ndalama yanga, ndipo mwezi umenewo munadya nkhwani kwambiri, ngati mukukumbukira.

Zikanathera pomwepo ndikanati ndapulumuka. Koma chaka chimenecho chiswe chinali chitadya kaundula wa dera la kwathu mpaka pa chikuto, ndipo panafunika kulemba watsopano pa bwalo: mwamuna aliyense kuitanidwa dzina, ndi kulengeza pagulu ngati ndi wakumudzi, wapakhadi kapena wokhululukidwa. Nkhalamba zonse zinayenera kuonekeranso. Woitana anali a Thomu. Wowerenga anali ine.

"Bwana, dzina limodzi lokha," ndinachonderera. "Bambo anga adzakhala pomwepo. Sakudziwa."

Anavula mandala n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Tikadumpha msuweni wanu, mawa chigwa chonse chino chidzakhala pachisuweni. Muli ndi sabata ziwiri. Kawauzeni nokha bambo anu, asakamvere pa bwalo."

Anali malangizo abwino. Ndinawoloka dzulo lake la bwalolo masana, mawu onse nditawakonza m'bwato. Ndinapeza bambo ali pakhonde ndi anzawo awiri a kutchalitchi, Zuze akuwameta ndevu. Ndisanakhale n'komwe pansi anandiloza ndi dzanja lamoyo lija: "Uyu ndinabereka ndine, wa pensulo. Koma manja anandiberekera ndi mlongo wanga." Alendo anaseka, Zuze anandiyang'ana pamwamba pa lumo, ndipo ine, mwana wa koleji, ndinafunsa za mitengo ya thonje.

Okutobala 1974: Pansi pa bwemba

Tebulo tinaliika pansi pa mtengo wa bwemba. Anthu anadzaza bwalo, amayi kumbuyo ndi madengu awo. Zuze anafika atabereka bambo kumsana, n'kuwakhazika pa mkeka kutsogolo, pamthunzi, malaya a kaki atachapidwa bwino. Mayina anayenda. A Thomu anaitana bambo anga, ine n'kuwerenga, "Wokhululukidwa." Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa zake.

"Zuze Bizeki!"

"Ndilipo!"

Ndinawerenga mzerewo ndi mawu oti ngakhale nyerere ya pa tebulo ikanapempha kuti ndibwereze.

"Mokweza, a Alufandika," anatero Bambo Kaliwo, osayang'ana kumbali.

"Zuze Bizeki. Wapakhadi. Wantchito wa pakhomo. Womulemba ntchito, Lusiyano Alufandika."

Kenaka kumbuyo mayi wina anayankhula, ndipo sanavutike kutsitsa mawu: "Kani masiku ano amalume amasambitsidwa pamwezi?" Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Zuze anayang'ana zala zake za kumapazi. Bambo anga anatembenuza mutu pang'onopang'ono, kuchoka pa Zuze kubwera pa ine.

"Zingati?"

"Baba, tikakambe kunyumba."

"Walengeza pa bwalo. Zingati?"

"Sikisi kwacha, Baba."

"Pamwezi."

"Pamwezi."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Zuze anagwada n'kuwapatsa msana kuti awabereke achoke pa maso a anthu, koma bambo anamukankha ndi dzanja lamanzere, mphamvu yake yoti Zuze, mwamuna wokoka ukonde, anakhala pansi.

"Nkhabe, ayi. Waganyu asandigwire."

Panalibe wosuntha. Nkhalamba inali pa mkeka, dzuwa likuyandikira mapazi ake, ndipo panalibe wololedwa kuinyamula. Ndipamene Bambo Kaliwo anakokera kaundula kwa iye n'kutenga pensulo m'manja mwanga.

"Pitani. Otsalawa ndiwerenga ndekha. Lolemba lapitali munapempha tchuthi cha sabata imodzi."

Sindinapemphe tchuthi chilichonse. Limenelo ndilo bodza lokhalo lomwe ndinamumvapo munthu ameneyo akunena, ndipo atabwerera ku ofesi analemba fomu yake. Ndinawabereka bambo anga kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Anali opepuka ngati thumba la thonje. Njira yonse sanandilankhule. Ndinkangomva mabatani akundibaya kumsana.

Masiku atatu otsatira anali oipa kuposa onse a ntchito yanga. Phala la Malita ankalandira masipuni awiri n'kutembenukira kukhoma. Kuchimbudzi ndinkawanyamula ine, movutika, koma kusamba anakana, kusintha malaya anakana, m'kutentha kuja. Zuze sanabwerere kudambo. Anakhala pansi pa nkhokwe akusoka ukonde womwe unalibe chibowo. Ndikadutsa pafupi sankanditchula Bwana Pensulo. Ankangoti, "Muwatembenuze, a Lusiyano, achita zilonda," ndipo "a" ameneyo ankandipweteka kuposa mbama.

M'mawa wa tsiku lachinayi bambo anaitana.

"Iwe, bwana wolemba anthu ntchito. Tereka madzi."

Ndinawakhazika pa kampando kuseri kwa mpanda wa mabango uja. Ndinamasula mabatani, kuyambira la pakhosi. Ndinatulutsa dzanja lakufa, kenaka lamoyo, n'kuzungulira kumbuyo ndi chikho cha madzi.

Chikhocho chinagwa.

Ana anga, msana wa agogo anu sunali msana. Kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno munali mizere yotupa, yotuwa, yopingasana ngati munda womwe walimidwa kawiri, wina chopingasa wina choongoka. Pena khungu linamatana lokha n'kupanga mfundo. Panalibe malo oti ungaikepo chikhatho osakhudza chipsera. Ndinayamba kuwerenga, poti ndine kalaliki. Ndinasiya. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndinakulira m'nyumba ya munthu ameneyu, ndinkadya naye m'mbale imodzi, ndipo ndinali ndisanauonepo.

"Wauona?" anafunsa, osatembenuka. "Tola chikhocho, madzi azizira."

"Baba, ndani?"

"Msonkho."

Anafotokoza akuyang'ana mabango, mawu akukoka. Anali mnyamata woti ndevu zikungoyamba. Masupayi, apolisi a Apwitikizi, anabwera m'mudzi mwawo tsidya lija kudzatolera msonkho chaka chomwe dzombe linadya mapira. Bambo awo anathawira kuthengo, ndiye masupayiwo anagwira mwana. Anamugoneka chafufumimba pa bwalo n'kumukwapula ndi chikoti cha chikopa cha mvuu.

"Panali mtengo," anatero. "Panali tebulo. Pa tebulopo panali mnyamata wa kwathu konko, wovala bwino, ndi pensulo. Chikoti chikatera, iye ankalemba. Womenya uja nkhope yake ndinaiiwala. Wolemba uja sindinamuiwale."

Ndipamene ndinamva funso lija la m'munda, zaka zisanu ndi chimodzi litafunsidwa: palibenso china chogwira m'manja? Ndinakhala pansi m'matope ndi buluku la ku ofesi.

"Bwanji simunandiuze, Baba? Ndikanaikana ntchitoyi."

"Kuti udye chiyani? Koleji unali utaidya kale." Anapuma. "Msana uwu anauona ndi mlongo wanga, ndiye anautsuka ndi madzi a mchere tisanawoloke. Anauona amako. Wachitatu ndi Zuze. Ndinamuvulira malaya chifukwa ndi magazi a mlongo wanga, anabwera yekha. Waganyu sindikanamuvulira. Iwe unandivula pamaso pa waganyu chaka chathunthu, ine osadziwa."

Ndinatola chikho n'kuwasambitsa. Ndilembe zoona: ndinasambitsa moipa. Sopo anawalowa m'maso. Powadzutsa ndinagwira mbali yakufa, tonse awiri n'kupendekera pa mpanda mpaka mabango kulira. Ndipo kunja kwa mpandawo kunamveka mawu a munthu amene walephera kupirira:

"Kukhwapa, chitsiru iwe! Gwira kukhwapa kwa kumanzere!"

Bambo anapukuta sopo m'maso ndi dzanja lamoyo. Kenaka anati, "Muitane wantchito wakoyo."

Zuze analowa n'kugwada patali, m'matope momwemo.

"Miyezi khumi ndi inayi," anatero bambo. "Za msana uwu unauzako ndani?"

"Palibe, Malume."

"Mkazi wako?"

"Nkhabe."

"Bwana wakoyu, wokulipirayu?"

Zuze anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku buluku langa lonyowa.

"Ameneyu analipira chakudya cha ana anga, Malume, kuti ine ndipeze mpata. Za msanawu sanalipire, ndipo alibe ndalama yake."

Madzi ankadontha kuchokera m'ndevu za bambo. Nkhuku inalowa, n'kutiyang'ana tonse atatu, n'kutuluka. Ine ndinkangowerenga mabango.

"Gwira uku," anatero bambo potsiriza, akukweza dzanja lamoyo. "Uyu manja ake ndi a pensulo."

Zuze anawadzutsa ngati akunyamula mwana. Akuwaveka malaya oyera, bambo anapereka chigamulo chawo, ndipo Bambo Kaliwo sanalembepo lamulo lomveka bwino chotere. Ndalama Zuze azilandira, chifukwa ana ake sadya mabango. Koma envelopu ndi mesenjala zithe. Ine ndizibwera nayo ndekha mwezi ukatha, ndizimupatsa m'manja iwo akuona, ndipo tsiku limenelo Zuze azipuma: wosambitsa ndikhale ine, mpaka ndidziwe.

"Nanga za khadilo, Baba? Masitampa aja ndi lamulo."

"Mata. Boma lako limakonda mapepala." Anagwedeza phewa pansi pa malaya. "Ine msonkho wa nyumba ino ndinakhoma kale. Lisiti waliona."

1975–1978

Ndinawoloka Shire mwezi uliwonse zaka zinayi, ndi sikisi kwacha m'thumba limodzi, sitampa m'thumba lina. Madzi akasefukira ndinkawoloka ndithu. Kusambitsa ndinakudziwa patatha chaka, ngakhale Zuze mpaka imfa yake ankauza anthu kuti ndinangophunzira kunyowetsa. Ine ndinkamuyankha kuti alankhule mwaulemu ndi womulemba ntchito, iye n'kupempha kuti amukwezere malipiro. Ntchito ya msonkho sindinaisiye, ndinaigwira mpaka msonkho wa pa bwalo unatha, koma kuyambira Okutobala ameneyo sindinakhalenso pa tebulo pansi pa mtengo osayang'ana kaye amene wakhala pansi patsogolo panga. Ndipo munthu wina aliyense akabwera n'kunena kuti amapatsa mbale wake kangachepe kosamalira kholo, ndinkamupatsa fomu ndi dzanja limodzi, ndi linalo n'kumugwira mkono: kawauzeni eni ake lero, ndisanawerenge.

Za msanawo ndinafunsa bambo ngati ndingadzakuuzeni. Anati ndikadzakalamba, kuti mudziwe chomwe chinatiwolotsa. Ndakalamba. Khadi la Zuze lili m'sutikesi ija ya ku koleji, masitampa onse ali m'malo mwake. Mukamadzagawana zinthu zanga musalitaye.

Bambo anamwalira mu 1978, mvula yoyamba itagwa. Adzukulu atabwera kudzakonza maliro, anapeza Zuze ataima pakhomo la chipinda, mapewa ake aja atadzaza khomo lonse. Anawauza kuti zonse achite monga mwa mwambo, kupatula chimodzi: malaya tawaveka kale, asawavule. Mkulu wa adzukulu anayamba kuwiringula kuti achibale saloledwa kutero. Zuze anandiloza ndi chibwano.

"Ine si wachibale," anatero. "Ndine wantchito. Funsani bwanayo, ali ndi mapepala."

Malayawo anali a kaki. Mabatani ndinamanga ndine, mpaka pakhosi.